Theka la Piritsi Limene Linasochera M'tebulo Lanu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani Yomasulira Zolemba M'zilembo za Braille.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikudyereni nthawi. Ndalemba kuti ndithokoze. Pulogalamu yanu, imene sitolo ya mankhwala imasindikizira malangizo a anthu osaona, yawabwezera bambo anga ntchito imene anapuma kalekale.

Bambo anali mphunzitsi wa masamu, ndipo anasiya kuona atakula kale. Dokotala anawalembera theka la piritsi la mtima m'mawa uliwonse. Koma akapapasa pabotolo, pamene payenera kukhala ½, zala zawo zimapeza \x00bd. Masiku ano amakhala pakhonde, botolo m'manja, kufufuza kuti x akuimira chiyani.

Zothokoza zanga ndi izi.

1. Ndawerenga tebulo lanu, mndandanda uja umene umauza kompyuta timadontho ta Braille ta chizindikiro chilichonse. Chizindikiro chosapezeka pa kiyibodi mumachilemba ndi kamzere kopendekeka, x, kenako nambala yake. Ya theka ndi 00bd. Katswiri wanu analemba 00db. Motero timadontho ta theka munapatsa Û, chilembo chovala chipewa chimene sindinakumane nacho m'buku lililonse la chinenero chathu, ndipo theka lenileni pulogalamu siilidziwa, imangolavula nambala yake. Ndikukhulupirira kuti Û nayenso akuthokoza.

2. Kayesedwe kanu n'kogometsa. Nditadandaula, mlembi wanu anayankha mwaulemu kuti palibe vuto: anasandutsa malangizowo kukhala timadontho, n'kuwabwezanso ndi pulogalamu yomweyo, ndipo ½ inatuluka bwinobwino pakompyuta. Kufunsa woimbidwa mlandu ngati analakwa, n'kutseka khoti atangoyankha, ndi nzeru yopulumutsa nthawi. Anandilimbitsanso mtima kuti ngakhale mu ofesi mwanu mulibe amene amawerenga ndi zala, nonse maso anu ndi akuthwa.

3. Tebulolo munalikiya kuti ife osaphunzira tisalidetse. Kusinthanitsa zilembo ziwirizo, d ndi b, akuti kudikire komiti, komitiyo ikudikira pulogalamu yatsopano.

Ndawauza bambo kuti zonsezo zikutanthauza theka. Akana. Akuti moyo wawo wonse sanachongepo yankho la mwana amene sanaonetse mmene walipezera, ndipo mankhwala a mtima samwera mphekesera. Akutinso anaphunzira Braille atamera kale imvi n'cholinga choti asamafunse munthu za botolo lawo. Mapiritsi ali chikhalire, ndipo mapazi awo atupa moti nsapato zikukana.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Komiti musaisokoneze. Mungobwera kwathu m'mawa wina, mukhale pampando wa alendo, mutsinzine, mupapase botololo, ndipo mumwe mlingo umene mwawerengawo. Madzi tikupatsani. Mukadzuka pampandopo muli bwino, bambo alonjeza kuti amwa pambuyo panu.

Ine wanu wogogoda pakhomo mwaulemu,
Mwana wa mphunzitsi wopuma.