Anavula Mapatapata Pakhomo

Nzeru yobadwira m'botolo musamaikhulupirire. Ya Piak inabadwira pa kachasu wa mpunga kuseri kwa msika wa ku Khlong Thom, ali ndi mnzake Tui, amene timamutcha Njati chifukwa cha khosi lake ndi nzeru zomwe.

"Aise, a ku yunivesite aja akukumba mikanda yakale kuchulu," anatero Piak. "Ati akufufuza amene anayamba kuphika galasi kuno. Bodza. Mkanda umodzi ku Bangkok ndi njinga yamoto. Zonse akusunga m'holo ya kukachisi, ndipo masana amapita kukadya."

"Nanga amonke, ansembe a pakachisipo?"

"Akakhuta amagona, iwe Njati. Dilu yophweka."

Zinthu za akufa sizitengedwa, zimakutenga ndi izo. Koma ndani amamva?

Anafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo la holo Piak anaima. Kuba n'kuba, koma kulowa m'kachisi ndi nsapato? Mayi ake sanamulere choncho. Anavula mapatapata n'kuwaika bwinobwino pambali, Njati nayenso.

M'katimo munali chimdima, mawindo otseka. Piak anaona bokosi kukhoma lakutsogolo n'kulithamangira. Sanadziwe kuti pansi ponse Mayi Wanphen, mkulu wa okumbawo, anali atayanika pa manyuzipepala tizidutswa ta magalasi akale totsuka m'mawa womwewo, zikwizikwi.

Ululu utamulasa kumapazi, Piak anakhala pansi. Kumeneko kunali kulakwa kwachiwiri. Njati pothamangira kukamudzutsa anagwa chagada pambali pake.

Mayi Wanphen anawapeza akulira monong'ona, poopa kudzutsa amonke. Sanakalipe. Anatuma munthu kupolisi, n'kutenga timatumba ndi kachitsulo kozulira minga.

"Mayi, tikhululukeni, tipite kuchipatala," anapempha Piak.

"Usagwedezeke, bambo. Kuphazi kwakoku kuli zaka chikwi."

Ankazula kamodzikamodzi, n'kukayang'ana padzuwa, kukaika m'kathumba, kulemba nambala. Mosafulumira.

"Koma mikanda ija ili m'bokosimo?" anafunsa Njati, misozi ili mbwee.

"Muli dothi. Mikanda yokongola siindiuza kanthu, ikhoza kuchokera kulikonse. Ine ndimafuna zinyalala za amene ankaiphika, ndipo mwazikhalira."

Wapolisi anafika ndi unyolo, navula nsapato pakhomo, koma poti anali ndi maso anaima pomwepo. Piak sanalakelakepo kumangidwa ngati tsiku limenelo. Anatambasula yekha manja.

"Dikirani pang'ono, achimwene," mayi aja anauza wapolisi. "Ndangomaliza mapazi. Iwe, gona chafufumimba."