Tsiku Limene Kompyuta ya a Longwe Inatuluka ndi Mipando

Mu Chibavi monse, kuno ku Mzuzu, munalibe munthu wodana ndi lendi ngati malemu a Percy Longwe. Sindikunena za nyumba ayi, yawo anamanga atapuma ntchito yokonza makompyuta ku yunivesite. Iwo ankadana ndi lendi ya pafoni. Ukangoti "Monire adada," ankayamba aloza foni yako.

"Tili makola, NyaMsiska. Nanga landilodi wanu wakunja uja wadzuka bwanji?"

Ankanena kampani yaikulu imene mpingo wathu unatsegulako tsamba. Zonse tinkaika pamenepo: zamaliro, zaukwati, ndi nyimbo za kwaya zimene malemu amuna anga, a Amos, ankatsogolera. Mawu awo ndinkawamvera pomwepo Lamulungu lililonse, ndipo ndinalibe kwina kowapeza.

A Longwe anali ndi bwalo lawolawo la pa intaneti, loyendera pulogalamu yaulere imene aliyense angathe kuisuzumira m'kati n'kuikonza. Linkakhala mu kompyuta yakale pabalaza pawo, yolira ngati chigayo. Kwa theka la chaka mamembala anali awiri: iwo, ndi iwo omwewo pa dzina lina, kuti azikhala ndi wotsutsana naye. Akazi awo amati tsiku lina anapsetsana mtima mpaka wina anachotsa mnzake.

Amayi Winifred, wapampando wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, sankawanyengerera.

"Adada, dziko lonse lili uko, ife tikadzitsekere m'chigayo chanucho?"

"Amama, dziko lonselo likudziwa kuti mumadwala bondo. Malonda a mankhwala aja amakupezani bwanji?"

"Ndiye mwati kunjako alipo akuganizira bondo langa? Yewo chomene! Ana anga omwe saliganizira."

Tsiku lina m'mawa tinapeza tsamba lija latsekedwa. Chifukwa sanatiuze, ndipo makalata athu ankayankhidwa ndi makina. Ndinafika kwa a Longwe ndikulira. Anandipatsa mpando, anadina kamodzi, a Amos n'kuyamba kuimba. A Longwe anali atapempha abusa kalekale n'kukopera nyimbo zonse. Sanathamangire kunena kuti "ndinakuuzani." Anadikira ndipukute misozi, kenako ananena katatu.

Mpingo wonse unasamukira kubwalo lawo, koma iwo m'malo mosangalala anakalipa.

"Mwathawa landilodi uja kudzandiyesa ine landilodi? Nanga ndikafa?"

Anavutitsa mpingo wa ku Katawa ndi wa kwawo ku Nkhata Bay mpaka uliwonse unalandira kompyuta yake, kuti zitatuzo zizigawana zonse. Tinkawaona pa njinga yamoto ataifungatira kompyuta ngati mwana wopita naye kuchipatala. A Longwe anaphunzitsa amayi Winifred kuyang'anira bwalolo, akukangana phunziro lililonse.

A Longwe atamwalira, azibambo anatulutsa katundu wa pabalaza kuti olira apeze pokhala, monga timachitira. Kompyuta inazulidwa n'kutuluka pamodzi ndi mipando. Anaiika pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo kamvula kathu ka Mzuzu kanaipeza pomwepo. Nditaiona ikudontha madzi, ndinayamba kulira mokweza. Ndinati basi, a Amos ndawaika m'manda kachiwiri.

Amayi Winifred anandikokera pamphasa, natulutsa foni m'chitenje.

"Khala chete, NyaMsiska, tamvera apa."

A Amos ankaimba, chapansipansi, kuchokera mu kompyuta ya ku Katawa. Uthenga wa maliro nawo unali utayenda kale, moti a ku Nkhata Bay anafika pa minibasi ziwiri.

"Mdala ameneyu," anatero amayi Winifred akulira, "wandigonjetsa ali m'bokosi."

Lero mipingo isanu ili pabwalopo, ndipo ana a ku yunivesite amabwera kudzafunsa amayi Winifred mmene zimayendera. Timanyadira. Koma Chibavi wazizira, makangano athu amatha msanga ndipo sakoma.

Mwezi watha akazi a malemuwo anandifunsa ngati pabwalo pali mawu a amuna awo. Tinafufuza masana onse. Munthu amene anasunga mawu a mpingo wonse, ake palibe anawajambula. Tinangopeza pa chiyambi cha nyimbo imodzi imene anajambula okha, akutsokomola n'kunena kuti, "Yambani." Mayiwo anati ndibwereze. Ndinabwereza kasanu, ndipo nyimboyo sitinaimvere n'komwe.