Buku la Galimoto Ina

Lolemba, 13 Epulo 2020

Mzinda ukadali wotsekedwa chifukwa cha mliri. Ku Downtown kuli zii, ngakhale akasupe a pa Burj Khalifa sakuvina. Ife alonda akutitcha ofunikira, ndiye basi ya kampani ikutitengabe. Ndikuthokoza.

Supavaiza wathu, a Rajesh, ali ndi mndandanda wa anthu opita ku tchuthi chosalipidwa kuyambira Lamlungu. Dzina langa lilipo, koma lalembedwa ndi pensulo. Chifukwa chake: abwana Nabil a pa fulo 31 atsekeredwa ku Beirut, ndipo alembera ofesi kuti galimoto yawo ya m'besimenti ndiziiyang'anira ine. Akufuna vidiyo ya injini ikulira lisanafike Lamlungu. Ikalira, dzina lifufutidwa.

Galimotoyo ndi hotirodi: yofiira, ya 1932, ya ku Detroit, denga lodulidwa kuti lifupike, matayala akumbuyo onenepa ngati a thirakitala. Anandisankha chifukwa tsiku lina ndinawafotokozera mbiri yake: kuti chaka chimenecho kampani yopanga galimotozi inaika injini ya masilinda eyiti m'galimoto yoti munthu wamba n'kugula, ndi kuti nkhondo itatha anyamata a ku California ankagula zakalezo motchipa n'kumakazithamangitsa pa nyanja zouma. Iwo anangoganiza kuti ndine makanika. Ine ndinali mphunzitsi wa histole ku Dedza. Sipanala sindinaigwirepo.

Sindikuda nkhawa. Ndapeza pa intaneti buku lenileni la kampaniyo la 1932. Dongosolo:
1. Lachiwiri: kutsegula ndi kuyang'ana.
2. Lachitatu: batire.
3. Lachinayi: kuliza.
Masiku otsalawo ndi ongosungira. Akazi anga kumudzi, amake Chisomo, sindiwauza za mndandanda, palibe chifukwa.

Lachiwiri, 14

Pa chithunzi cha m'buku, handulo ili pachitseko. Pa galimoto palibe. Chitseko n'chosalala ngati dzira. Ndaizungulira kanayi. Ndadina rimoti ya pa makiyi, zii.

Ndawerenga. Okonza mahotirodi amachotsa mahandulo kuti galimoto ikongole, chitseko n'kumatseguka ndi magetsi. Magetsi ali m'batire. Batire yafa. Malinga ndi buku, batire ili pansi pa mapazi a dalaivala, mkati mwa galimoto yotsekayo. Vuto ndi lomveka bwino, ndipo zimenezo zokha zikundilimbitsa mtima.

Ba Tembo, okolopa besimenti, a ku Chipata, aimitsa makina awo n'kumandiyang'ana. Nawonso ali pa mndandanda, koma lawo ndi la bolopeni. Akuti anakonzapo maminibasi ku Lusaka. "Ba tichala, muziiwerengera chabe, mwina izatseguka na manyazi." Ndawayankha mwaulemu kuti minibasi si galimoto ya ku America.

Kufunsa abwana Nabil ayi. Kungakhale kuwauza ndi pakamwa panga kuti ndalephera chitseko.

Lachitatu, 15

Ba Tembo agona chagada pasimenti, apisa dzanja kunsi kwa galimoto, akoka kawaya. Chitseko chatseguka. Sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Akuti aliyense wochotsa handulo amabisa waya penapake, chifukwa nayenso anadzitsekerapo kunja. Izi m'buku mulibe. Ndawathokoza, ndipo ndazilemba m'mphepete mwa tsamba.

Polowa ndagunda mutu padenga. Mkati muli fungo la chikopa ndi petulo, likulowa ngakhale ndavala masiki. Ndakhala pampando ndagwira chiwongolero kwa kanthawi. Sindine munthu wotengekatengeka, koma kuyambira Malichi sindinakhalepo pamalo abwino chotere.

Zomwe buku likunena ndipo ndazipeza:
- matayala anayi
- chiwongolero, kumanzere

Zomwe buku likunena koma sindinazipeze:
- kilatchi
- batani loponda poliza injini
- batire

Batire yapezeka m'buti. Sindilemba dzina la amene waipeza.

Lachinayi, 16

Tsiku loliza. Ndatsegula boneti kuti ndione injini yotchuka ija, imene ndakhala ndikuiloweza usiku ndi usana kuyambira Lolemba.

Pa injini palembedwa dzina la kampani ina. Osati ina chabe, koma mdani weniweni wa kampani yopanga galimoto yathuyi, amene akhala akulimbana naye kuyambira kalekale! Ndapukuta ndi sanitayiza kuti mwina ndi fumbi. Dzina laoneka bwino kuposa poyamba.

Ndawerenganso. Akuti n'zofala, ambiri amachita chomwecho chifukwa injinizo n'zamphamvu ndipo zida zake sizivuta kupeza. Ndiye kuti masamba makumi atatu amene ndawaloweza ndi a injini imene mwina ili m'dzala ku California.

Ba Tembo sakudabwa. Akuti ku Lusaka minibasi imodzi imakhala ndi zida za magalimoto asanu, koma palibe amaijambula zithunzi. "Apa mzungu wachita chimodzimodzi, manje mwati heriteji."

A Rajesh adutsa, afunsa ngati zikuyenda. Ndati tikuphunzira zambiri. Ndi zoona.

Lachisanu, 17

Ndabwera ndi maginito a pa firiji ya ku akomodeshoni, kuti ndidziwe chitsulo cha 1932 chatsala chingati.
- chitseko: agwa
- denga: agwa
- buti: agwa
- chimango cha kutsogolo, pamene pali chizindikiro cha kampani: akakamira

Thupi lonse ndi la pulasitiki. Cha 1932 ndi mphuno yokha. Ndaima pamenepo ngati munthu wofika pamaliro olakwika.

Komabe ntchito ndi kuliza, osati kuweruza. Kunja sitingapite popanda pemiti, masitolo ngotseka. Ba Tembo achotsa batire imodzi m'makina awo okolopera, alumikiza ndi majampa obwereka kwa a Imran, dalaivala wa basi yathu. Ndatembenuza kiyi. Nyali zayaka. Injini zii.

Kwatsala tsiku limodzi. Ba Tembo akuti pali swichi yobisika yotetezera akuba, aiganizira kunyumba. Ine ndatseka buku.

Loweruka, 18

Swichi ili pansi pa mpando. Ba Tembo akhala pachiwongolero, aponda petulo kawiri, ine ndagwira foni.

Yalira.

Ndinawerengapo za phokoso la injini zoterezi, koma kuwerenga sikugwedeza nthiti. Besimenti yonse yanjenjemera. Maalamu a magalimoto oyandikana ayamba limodzilimodzi mpaka mzere wonse. Kenako utsi wafika pa kachipangizo ka padenga, alamu ya moto yalira nyumba yonse, malifiti aima.

Anthu atsika masitepe mafulo makumi anayi, atavala mamasiki, motalikirana bwino. Ena ndi mapijama masana. Aima panja padzuwa theka la ola. Gogo wina wandigwedezera mutu n'kunena "shukran", zikomo m'chinenero cha kuno, akuti ndi koyamba kupondako panja m'masabata awiri.

A Rajesh anena mawu amodzi: "Khalas." Ndiye kuti zatha.

Vidiyo ilipo, masekondi khumi ndi limodzi. Ikuonetsa ba Tembo pachiwongolero akuseka, kenako denga, kenako nsapato zanga zikuthamanga. Ndikanatha kudula poyambapo. Ndayang'ana foni nthawi yaitali. Ndaitumiza yonse kwa abwana Nabil, ndalemba kuti chitseko, batire, swichi ndi kuliza, zonse ndi ba Tembo. Ine ndinali ndi buku la galimoto ina. Kenako ndaimbira amake Chisomo n'kuwauza za mndandanda. Akuti anadziwa kale, chifukwa sabata yonse ndakhala ndikuwafotokozera za masilinda.

Lamlungu, 19

Uthenga wa mawu wochokera ku Beirut: theka ndi kuseka kokhakokha. "Habibi, mnzanga, ndaimvera kakhumi." Za pulasitiki akudziwa. Akuti mphunoyo ndi imene anaikonda, zinazo anangozimangira kumbuyo kwake. Apempha ofesi kuti galimoto izisamalidwa ndi ba Tembo, ndipo ofesi yavomera, bola aziikankhira kunja asanailize. Ba Tembo achoka pa mndandanda. Andibweretsera tiyi wa karak, osandinena ngakhale kamodzi, zomwe zandiopsa pang'ono.

Ine a Rajesh andiitana. Akuti besimenti ndisapondemonso. Akutinso awerenga zimene ndinalembera abwana Nabil, ndipo akufuna munthu wonena nambala monga ilili, ngakhale ikhale yosasangalatsa. Andipatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi. Malo anga tsopano ndi pageti la antchito, panja, popanda eyakoni, chilimwe chikubwera.

Ntchito ilipo. Galimoto ndiziiona ikamakankhidwa. Kabuku ka kamfutika ndakawerenga konse, ndipo n'ka kamfuti komweka, ndatsimikiza kawiri.

Woyamba kumuyeza ndi ba Tembo, makiyi ali m'manja. 36.4. Ndawauza kuti alowe.