Amayi, Imwani Mankhwala

Mpaka lero abusa a mpingo wathu akandiona amandifunsa, uku akumwetulira, ngati nthawi yomwera mankhwala yakwana. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Nkhani yake ndi iyi. Ndinali nditangoyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta pa Kasungu boma, ndipo mutu unali utakula (munthu ukadziwa pang'ono umaona ngati dziko lonse limadikira iweyo). Amayi kumudzi, ku Simlemba, ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo ntchito ya fodya ikachuluka amaiwala mapiritsi awo. Ndinaganiza zowathandiza. Ndinalemba kapulogalamu kotumiza uthenga pafoni yawo m'mawa uliwonse: "Amayi, imwani mankhwala. Ndimakukondani."

Kukayesa kaye? Ayi ndithu. Ndinkati zoyesayesa n'za anthu odzikayikira.

Kutacha ndinatsegula kompyuta kuti ndidziyamikire. Uthenga unali utapitadi. Kenako wina. Kenako winanso. Kani kapulogalamu kanga ndinakauza poyambira, koma osakauza polekezera. Amayi anga ndi munthu womvera, dokotala akanena amachita. Nanga bwanji ngati akumwa piritsi uthenga uliwonse ukafika?

Ndinaimba foni, osayankha. Ndinayamba kukonza kapulogalamuko mofulumira, ndipo m'phuma lomwelo ndinafufuta mzere umene unkasankha nambala ya amayi. Basi, uthenga unayamba kupita kwa aliyense amene ndinali ndi nambala yake. Oyamba kuyankha anali abusa: "Zikomo mwananga, nanenso ndimakukonda. Koma mayi ako si ine." Apongozi anga aamuna (anthu oti sitinasekepo limodzi chikwatirireni mwana wawo) anangofunsa kuti, "Mankhwala ake ati?"

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti kompyuta imatheka kuzimitsa. Ndinaizimitsa n'kuthamangira njinga yamoto ya kabaza. Njira yonse ndinkapemphera, fumbi lili koboo kumbuyo.

Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya ndi anzawo. Foni anali ataikulunga m'chitenje n'kuiika m'dengu kuti ileke kusokosa.

"Mwana wane, kwagwanji?"

"Amayi, mwamwa mapiritsi angati?"

"Limodzi. Ukuyesa kukalamba n'kupusa?"

Ndinakhala pansi pomwepo, misozi ili mbwembwembwe. Amayi anandisisita kumutu ndi dzanja lonunkhira fodya, n'kutembenukira kwa anzawo aja.

"Mwamuona? Ana anu amakukumbukirani pa Khirisimasi pokha. Wangayu chiyambire m'mawa sanapume."

Ndinafuna kufotokoza kuti pulogalamu ndi imene yasokonekera, koma nditaona m'mene nkhope yawo inkawalira, mawuwo ndinameza.

Vutolo ndinalikonza. Masiku ano chilichonse ndimayamba ndayesera pafoni yanga, ndipo mtima ukathamanga ndimachotsa kaye manja pakompyuta. Ndinkayesa phunziro lathera pamenepo. Koma patapita masiku amayi anandiimbira, mawu ali ozizira.

"Kodi foni yako yadwala? Ikungolankhula kamodzi patsiku."

Ndinatsegula kompyuta kuti ndiwonjezere uthenga wachiwiri. Ndinaiyang'ana kwa kanthawi, kenako n'kuitsekanso.

"Siinadwale, amayi. Tandiuzeni, fodya wayenda bwanji lero?"

Tinacheza mpaka foni yawo inatha moto.