Mfiti Yonunkha Nsomba pa Thanthwe la Ufa

Mpaka lero, ndikamadutsa pa njinga m'mudzi wa mkazi wanga kwa Zemba, agalu amandipukusira michira ndipo amayi amabisa kukamwa m'nsalu. Onsewo ali ndi zifukwa zawo. Ndiloleni ndifotokoze ndekha, chifukwa mlamu wanga Tobiyasi akamainena nkhaniyi pamowa amaithira mchere wambiri.

Chinali chaka chimene nkhani ya Chitaganya, chija cha atsamunda cholumikiza maiko atatu, inali pakamwa pa munthu aliyense. Ine, mwana wa kwa Mlolo, ndinali pa chikamwini, ndikuphunzitsa pa kasukulu ka mishoni ka denga la udzu. Sukulu ndinapita nayo patali, mpaka sekondale, ndipo sindinkalola munthu kuiwala zimenezo. Mtima wanga ndi wapachala (musandiuze zopemphera, ndinayesa kale).

Mwana wathu Damiano anali atapitirira chaka ndi theka koma osayenda. Ukamuimiritsa, timiyendo tinkapinda ngati uta. Liwombo nalo, pofewa paja pa mutu wa khanda, linali lisanatsekeke. Ana athu awiri oyamba tinawaika m'manda ali makanda, choncho apongozi anga anamutenga Damiano ngati dzira. Anamukulunga m'nsalu, chipewa cha ubweya kumutu, n'kumusunga m'nyumba mdima uli bii. Lamulo lawo linali limodzi: mwana wa liwombo lotsegula asaone dzuwa, lingamulowe m'mutu.

Tsiku lina ndinakweza mwana ndi mayi ake pa njinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Asisitere achizungu anamupapasa miyendo, nthiti ndi pamutu, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, mwanayu amakhala m'phanga kodi?"

"M'nyumba, Asisitere."

"Mafupa ake ali ndi njala ya dzuwa."

Anafotokoza kuti dzuwa likawomba khungu, thupi limapanga chinthu chotchedwa vitamini D, ndipo popanda chimenecho mafupa salimba ngakhale mwana adye bwanji. N'chifukwa chakenso liwombo linkachedwa kutsekeka.

"Dzuwa la m'mawa, pang'ono chabe, tsiku ndi tsiku. Ndipo azimwa supuni imodzi ya awa." Anandipatsa botolo la mafuta a nsomba. "Mukachedwa, miyendoyi iuma ili yopinda."

Mwaliona vutolo? Apongozi akuti asaone dzuwa chifukwa liwombo n'lotsegula. Asisitere akuti n'lotsegula chifukwa saona dzuwa. Akanakhala munthu wina, ndikanamukalipira mpaka makutu kulira. Koma apongozi sulankhula nawo maso ndi maso. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Mawu onse amadzera mwa mkazi wako. Ndiye taganizani munthu wa mtima ngati wanga akukangana kudzera mwa mthenga.

"Amake Damiano, kawauzeni amayi anu kuti umenewo ndi umbuli!"

Mkazi wanga ankapita, n'kugwada pakhomo pa mayi ake (ine ndikumvetsera kuseri kwa nkhokwe), n'kunena kuti: "Akamwini anu akuti mwaswera bwanji."

Pobwera, ine: "Akuti chiyani?"

"Akuti aswera bwino. Akutinso mwana si mfutso woti n'kuyanika."

Ndinatuma mthengayo milungu ingapo. Ukali wanga wonse unkafika uko utasanduka moni, pomwe mawu awo ankandipeza ali ndi minga yonse. Mafuta aja anawakananso, ati akununkha ngati chinthu chofa kale (apo pokha sindinawatsutse). Miyendo ya mwana ili chipindire.

Ndiye Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, mkazi wanga atapita kudambo kukatunga madzi, apongozi ali kalikiliki kumtondo ndi anzawo, ndinalowa m'nyumba n'kuba mwana wanga yemwe. Chitseko ndinachimanganso bwinobwino monga ndinachipezera. Botolo ndi supuni m'thumba, ulendo wa kuthanthwe lalikulu la kuseri kwa mudzi. Ndinasankha kumeneko chifukwa kunali zii. Ndi sekondale yanga yonse, sindinaganize chinthu chimene ngakhale nkhuku imadziwa: amayi akasinja amakayanika ufa, ndipo ufawo amauyanika pathanthwe.

Ndinamuvula Damiano nsalu zonse n'kumukhazika padzuwa. Anatsinzina kaye, kenako anaseka. Anaseka, anthu inu! Akumenya thanthwe ndi tizikhatho, akuyang'ana timiyendo take ngati akutiona koyamba. Ine mtima unangoti myaa, ndinadziona ngati dokotala wamkulu wa dziko lonse la Achewa.

Ndinatsegula botolo. Supuni yoyamba anandilavulira kumaso. Ndikukonza yachiwiri, kamwendo kaja ankati n'kofooka kanamenya botolo, mafuta onse khuthu pa malaya anga oyera ndi buluku la khaki, zovala zokhazo zophunzitsira. Ndinatukwana pang'ono m'Chingerezi kuti mwana asamve. Ndinavula zonse, ndinazipukuta ndi mchenga, n'kuziyanika pa chitsamba cha m'mbali mwa njira yochokera kumudzi. Ndinatsala ndi kabudula wamkati yekha, amene mkazi wanga anandisokera ndi thumba la mchere.

Mafuta ena anali atadikha pa kadzenje ka pathanthwe. Mankhwala ochokera kutsidya kwa nyanja angotayika choncho? Ndinawawola ndi manja n'kumudzoza mwana miyendo yonse, mimba, msana. Otsala ndinadzola m'mawondo mwanga, paja amalira ndikamakwera njinga. Ndiye poti manja anali adakali noninoni, ndinapitiriza pachifuwa ndi m'mapewa. (Asisitere sananene zodzola. Koma sananenenso kuti tisadzole.) Tinagona chagada awirife, tikunyezimira.

Sipanapite nthawi, ndinamva nyimbo. Amayi, malichero pamutu, mikeka m'khwapa, akubwera. Wotsogolera nyimboyo ndinamudziwa mawu nthawi yomweyo: apongozi.

Miyendo ya mkamwini siyembekeza mutu. Ndinadzambatuka. Buluku lili mbali yomwe akuchokera. Ndinagwira mwana kuti ndithawe naye, anaterereka m'manja ngati mlamba. Ndinamugwiranso, phuluu, uyo akukwawira kumene kukumveka mawu a agogo ake. Malichero anali atayamba kuonekera pamwamba pa udzu. Ndinadziponya mumng'alu wa pakati pa miyala iwiri, wothina ngati bokosi la maliro, wopanda mthunzi ngakhale wa tsamba limodzi.

Nyimbo inadukira pakati.

"Mayo ine! Damiano! Ndamusiya m'nyumba, chitseko chomanga!"

"Ali maliseche!"

"Tamununkhizani, anzanga. Awa si mafuta a nsatsi ayi."

"Amudzoza kuti afewe! Mfiti yamutaya itamva nyimbo. Sili patali imeneyo!"

Apa munthu wanzeru akanatsokomola n'kudziulula. Koma ndituluke bwanji pamaso pa apongozi ndili m'thumba la mchere? Ndinati ndidikire, athawira kumudzi ndi mwana, ine ndizemba. Sanathawe. Apongozi anamukulunga Damiano n'kukhala naye pansi pa mtengo wa msuku, n'kulamula kuti wina athamangire kuminda kukaitana amuna, ena onse azungulire thanthwe. Ndipo minda ya kumeneko ili kutali.

Kenako wina anakuwa: "Zovala izi! Mfiti yavula, paja zimayenda zosavala!"

"Koma bulukuli likufanana ndi la aphunzitsi."

"Kalanga ine, ndiye yayamba kudya aphunzitsi!"

"Itsekula m'mimba imeneyo," anatero mayi wina wokalamba amene mawu ake sindidzawaiwala. "Munthu wowawa ngati uja sadyeka."

Ndinaluma mkono wanga kuti ndisayankhe. Nthawi yomweyo ndinamva mkazi wanga akufika akulira. Anatenga mwana, anamununkhiza, kulira kuja kunangoti zii. Anadziwa. Ndinayembekeza kuti apeza nzeru yowachotsera anthu. Anakhala chete ngati sanakwatiwepo.

Dzuwa linakwera mpaka kuima pamutu panga penipeni. Inu amene simunagonepo pakati pa miyala mu Okutobala mutadzola mafuta, musayese. Mwala wakumanja ukuwotcha, wakumanzere ukuwotcha, kumwamba moto. Nyerere zinabwera ndi abale awo onse. Lilime linauma ngati chikopa. Ndinamva fungo la nsomba yokazinga, njala n'kundigwira, kenako ndinazindikira kuti nsombayo ndi ine.

Amuna anafika ndi zibonga, nkhwangwa ndi agalu osakira nyama. Agaluwo sanataye nthawi. Analunjika kumng'alu, n'kuyamba ntchito: wina m'mawondo, wina pamimba, wina m'khwapa. Tsono ine m'khwapa sindigwiridwa. Ndinamanga mano, ndinatsina mphuno, koma zinatuluka zokha.

"Hii-hii-hii!"

"Ikuseka!" Ndinamva amuna akubwerera m'mbuyo, wina mpaka kugwa.

Galu wina anandilowetsa lilime m'khutu. Pamenepo mtima uja unaphulika.

"Choka apa, chigalu chopanda mwambo! Chitsiru! Mwini wako ndani?"

Kenako mawu a Tobiyasi, mlongo wake wa mkazi wanga, pang'onopang'ono: "Tsitsani zibonga, anyamata. Mfiti imeneyi ndimaidziwa. Inakwatira kwathu."

Mutu wake unasuzumira mumng'alu.

"Alamu, mwaswera bwanji? Akukazingani ndani? Anyezi aiwala?"

"Ndipatse buluku langa, Tobiyasi."

"Sindigwira zovala za afiti ine. Tulukani mudzatenge nokha."

Ndinatuluka, agalu ali pambuyo. Apongozi anangoona kamodzi, n'kutola lichero kudziphimba kumaso, osakumbuka kuti munali ufa. Anayera kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Amayi anagwa uku ndi uku ndi phwete, ena akukwawa, ndipo Damiano naye akuwomba m'manja.

Mukuganiza ndinathawa? Simundidziwa. Mawu onse amene anasanduka moni milungu yonse ija anandikwera pakhosi. Poti apongozi sindingawayang'ane, ndinawafulatira n'kuloza mtengo umene unali patsogolo panga.

"Iwe mtengo, uwauze anthu ena pano kuti dzuwa ndi mankhwala! Uwauze kuti mwana si mbewa yoti azikhala kuuna! Miyendo ikauma yopinda, adzamubereka ndani pa ukwati wake? Uwauze!"

Kumbuyo kwanga Tobiyasi anali akuwerenga mokweza zilembo za pa thumba la mchere, chimodzichimodzi, akuloza ndi chibonga. Ndinakweza mawu kuti ndifotokoze za vitamini, koma mtengo uja unasanduka iwiri, thanthwe linapendekeka, mdima. Anandinyamula pa mkeka woyanikira ufa.

Ndinagona chafufumimba masiku angapo, mutu ukugunda ngati ng'oma, msana ukusupuka ngati njoka yofundula. Dzuwa limene ndinkalichitira umboni linandimenya kuposa mdani. Nditayamba kupeza bwino, ndinatumiza tambala kwa apongozi wopepesera maso awo. Mtima unali m'mwamba, poti mkamwini amapirikitsidwa pa zochepa kuposa zimenezi, ndipo ndikanachoka, mwana akanabwerera mumdima mpaka kalekale.

Mkazi wanga anabwera n'kukhala pamphasa, akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.

"Akuti tambala alandira. Akuti kuyambira mawa mwana azipita naye okha kuthanthwe m'mawa uliwonse, chipewa kumutu, miyendo padzuwa. Akuti botolo lina mukatenge, amumwetsa okha."

"Ehee! Ndiye avomera kuti ndimanena zoona?"

"Ayi. Akuti zimene anaona tsiku lija sakufuna kuzionanso asanafe."

Chimanga chisanaume m'munda, Damiano anali akuyenda chogwira zipupa. Liwombo linatsekeka. Apongozi amauza anthu kuti inachiritsa mwana ndi mphepo ya pathanthwe, ndipo ine ndimakuwira nkhokwe kuti ndi bodza.

Phunziro? Ena amati ndiphunzire kuugwira mtima. Ine ndimati ndinalakwitsa malo oyanikapo buluku basi. Damiano tsopano ali m'kalasi langa, miyendo yowongoka ngati nsungwi, ndipo ndi mwana wopulupudza kuposa onse. Dzulo lomweli anaika chule m'chipewa changa. Ndinathyola mkwapulo n'kumuthamangitsa kuzungulira tchalitchi mpaka kudambo, ana onse akukuwa. Sindinamupeze. Ndinakhala pa chulu ndikupuma wefuwefu, ndikumuyang'ana akudumpha mizere ya m'munda wa eni ngati gwape, ndipo kunena zoona sindinadziwe kuti nditukwane ndani.