Umboni wa m'Kope la Hawa

Zamanyazi zina munthu umayenera kupita nazo kumanda. Koma nkhani iyi anthu a kuno ku Liwaladzi akuikamba kale pachigayo, ndiye bola muimve kwa ine mwiniwake.

Mwana wanga Hawa ali Fomu 3 anangosintha. Mtsikana amene ankasokosa nyumba yonse anasiya sukulu, chakudya ankangochigwira pang'ono, tsiku lonse ali gone pamphasa atayang'ana kukhoma. Ukamufunsa, yankho linali limodzi: "Palibe chomwe ndimatha ine."

Tinapita naye kwa ashehe, anamuwerengera dua. Tinamuyezetsa malungo, sanapezeke. Ine ndinayamba kuthawira kudambo kumpunga, chifukwa kumuona mwana ali choncho kunkandithetsa mphamvu.

Mayi ake ndiwo anayamba kupita naye kuchipatala ku boma Lachinayi lililonse. Patapita masabata angapo ndinafunsa.

"Nanga mankhwala ake ali kuti?"

"Kulibe mankhwala. Amangocheza ndi anesi m'kachipinda, chitseko chotseka. Akuti ndi CBT."

Makutu anga awa anamva CID, apolisi ofufuza milandu aja.

"Mwati chiyani, mayi a Hawa?"

"Mwamva. Ndipo akuti Lachinayi likubwerali mupite naye ndinu."

Thukuta kamukamu! Ndinali nditamvapo kuti masiku ano mwana akhoza kukakunenera kuboma, iwe n'kutengedwa.

Hawa atapita kukasamba, ndinatsegula kope lomwe anamupatsa kuchipatalako. Tsamba lolembedwa mizere bwinobwino, pamwamba pali mitu: "Zomwe zinachitika." "Zomwe ndinaganiza." "Umboni wovomereza." "Umboni wotsutsa."

Umboni, abale anga!

M'munsi mwake ndinangoona mawu awiri: "Ababa anandikalipira..." Sindinapitirize. Ndinatseka kopelo n'kuthamangira kwa alamu anga a Saidi, omwe amadziwa zamalamulo chifukwa anakhalapo mlonda pakhoti miyezi itatu.

"Alamu, ndili pa kesi. Fayilo yatsegulidwa kale."

Anandimvetsera akugwedeza mutu. "Mukakafika, kavomereni msanga. Ovomera amawachepetsera zaka."

"Ndikavomere ziti?"

"Zonse! Anthu amenewa akamakuitana ndiye kuti akudziwa kale. Ine ndikuperekezani ngati mboni."

Lachinayi ndinavala jekete yanga ya pa Idi. Mu jumbo ndinaikamo bulangeti ndi mswachi. Ndinayamba kuwalangiza mayi a Hawa za tsiku lothira feteleza, iwo anangoti, "Kodi mwapenga?" M'minibasi, alamu ali pambali panga, Hawa ankangoyang'ana pawindo. Inenso ndinkayang'ana minda ya mpunga, kutsanzikana nayo.

M'kachipinda muja tinapezamo mayi wachitsikana, womwetulira, wovala chitenje wamba.

"Ndi omwewo," alamu anandinong'oneza. "Savala yunifolomu."

"Takulandirani, bambo," anatero mayiyo. "Hawa wakhala akugwira ntchito yaikulu. Tikusonkhanitsa umboni woti..."

Sanamalize. Ine pansi gwa! Maondo onse awiri.

"Bwana, musavutike. Ndivomera ndekha."

"Bambo, khalani pampando."

"Ayi, bwana, pompano pali bwino. Ndinamukalipira, inde. Atalephera masamu ndinamunena kuti mbuli. Ndinamuyerekeza ndi mwana wa aneba. Ndiponso za abakha zija..."

"Abakha?" anafunsa mayiyo.

Alamu anandiponda chala, koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Abakha atatu omwe azakhali ake anamupatsa kuti aziweta. Sanagwidwe ndi ng'azi ayi. Tinadya ine ndi alamu awa, mmodzimmodzi, kudambo nthawi yokolola. Ndiye pofuna kubisa, ndinamukalipira mwanayu kuti satseka khola."

"Ine ndinkangodya mapiko!" anakuwa alamu. Mboni yanga inatsegula chitseko n'kubwerera ku Liwaladzi osatsanzika.

Hawa anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, koyamba pa miyezi yonseyo.

"Ababa... munali inu?"

Mayi uja anayankhula modekha. "Bambo, ine ndine nesi, si wapolisi. Ndi CBT, osati CID. Mwana akamavutika mumtima, pamakhala maganizo ena omwe amamuuza zoipa zokhazokha za iye mwini. Ife timamuphunzitsa kuwagwira maganizowo, kuwalemba, n'kuwafunsa ngati akunena zoona. Umboniwo ndi wa zimenezo. Inu tinakuitanirani kuti tikupempheni muziyenda naye pang'ono madzulo, ndi kumuyamikira akachita kanthu."

"Basi?"

"Basi. Hawa, ungakonde kuwawerengera bambo zomwe unalemba? Ngati sukufuna, palibe chokakamiza."

Hawa anatsegula kope lija. Mawu ake anali apansipansi.

"Zomwe ndinaganiza: chilichonse chomwe ndagwira chimaonongeka. Umboni wovomereza: ndinalephera kusamala ngakhale abakha atatu."

Apa ndinalakalaka akanakhaladi a CID. Kundende ndikanapirira. Koma kumva kuti chaka chathunthu mwana wanga wakhala akudziweruza pa nyama yomwe ine ndinatafuna ndi tsabola, ndinasowa poyang'ana. Sindikunena kuti abakha okhawo ndiwo anamudwalitsa, anesi anati zinthu zake ndi zambiri. Komabe pa mulu umenewo ine ndinaikapo mwala wanga, waukulunso.

"Bambo," anatero anesi, akuyesetsa kuti asaseke, "takhala masabata anayi tikufunafuna umboni wotsutsa ganizo limeneli, osaupeza. Inu mwabwera nawo nokha pa minibasi."

Hawa anatenga cholembera. Ndinaona akulemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu: "ANADYA NDI ABABA." Anaseka kamodzi, kaphwete kakang'ono, kenako analira kwa nthawi yaitali. Ine ndili chigwadire, nanenso misozi, jekete ya pa Idi ili fumbi lokhalokha.

Sanachire tsiku lomwelo. Mpaka lero amapitabe Lachinayi, ndipo masiku ena amabwerera pamphasa paja, ine n'kumangozungulira panja osadziwa chochita. Koma pobwerera tsiku limenelo anandiyankhula, m'minibasi modzadza anthu akwathu, kope lili pamiyendo, cholembera chili m'manja.

"Ababa."

"Ee, mwanawe."

"Tsambali likadali ndi malo. Nanga tambala wa amayi uja munati anatengedwa ndi kabawi?"

Minibasi yonse inatembenuka kudikira yankho.

Musanavomere mlandu, abale, muziyamba mwafunsa kuti ndi mlandu uti.