Ada Mphande ndi Khoma Logawa Nyumba

Ku Chintheche kuno, ngakhale mwana amadziwa kuti malemu Mizeck Mphande ankadana ndi pakati. M'minibasi ankakhala cha kukhomo, m'tchalitchi kumapeto kwa benchi, ndipo pachithunzi cha ukwati wa mwana wawo amangooneka khutu limodzi.

Matendawa adawatengera kuntchito. Ada Mphande ankajambula mapulani a nyumba pa laputopu yakale yolira ngati chigayo. M'pulogalamu yojambulirayo, kamuvi koyendetsa ndi mawusi kakayandikira mzere kamalumpha kokha n'kukakamira pena: pansonga ya mzere, pokumana mizere, kapena pakati penipeni. Wojambula ndiye amasanja kuti kazithamangira pati poyamba. Iwo adasanja motere: nsonga patsogolo, pokumana mizere pambuyo, pakati kumapeto kwenikweni. Chifukwa chinalipo. Atangoyamba ntchitoyi, kamuvi kadagwira pakati m'malo mwa nsonga, chimbudzi cha abusa n'kutuluka chopapatiza moti abusawo, munthu wathupi, ankalowamo cham'mbali.

Ndiye ukapita kukajambulitsa ngakhale khola la nkhuku, umayamba wamva ulaliki.

"Ada, ine ndikungofuna khola."

"Kholalo lili ndi ngodya?"

"Lili nazo."

"Khala pansi ndikuuze za ngodya."

Nkhuku zina zidakalamba zikugona mumtengo.

Koma ntchito imene timawakumbukira nayo ndi ya Jobe ndi mng'ono wake Gomezgani. Awiriwa adayambana bambo awo atamwalira, mpaka kusiya kupatsana moni. Adagwirizana chimodzi chokha: nyumba yaikulu ya bambo awo igawidwe ndi khoma, aliyense mbali yake ndi khomo lake. Vuto linali mayi awo, Ama Eliza, omwe miyendo inali itawakana. Chipinda chawo chidagwera mbali ya Jobe, ndipo kuzungulira panja kukaona adzukulu a kwa Gomezgani sakadatha.

"Ndiye mayi anu?" adafunsa Ada Mphande.

"Inu jambulani khoma basi," adatero Jobe.

"Mwanena nokha."

Pulani idatuluka. Mmisiri, yemwe ankatsatira mapulani a Ada Mphande ngati Malemba, adamanga khomalo Jobe ali ku Usisya kogula usipa, Gomezgani ali ku loji ku Kande. Pobwera adapeza khoma laima bwinobwino, koma pakati pake penipeni pali chitseko.

Adathamangira kwa Ada Mphande, ulendo woyamba kuyendera limodzi chiyambanire.

"Chitseko ichi wachipempha ndani?" adafunsa Jobe.

Mkuluyo adavala magalasi, n'kuyang'ana pa laputopu nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Aa, mwe! Kamuvi kagwira pakati. Kandichititsa manyazi."

"Kamuvi kanu inu? Kagwire pakati?"

"Nako kakukalamba."

"Titseka ndi njerwa!" adakuwa Gomezgani.

"Tsekani. Koma woika njerwa yoyamba akawauze yekha Ama Eliza."

Abale aja adayang'anana, aliyense akudikira mnzake. Mpaka lero njerwayo sinaikidwe.

Ada Mphande adatisiya mvula yathayi, atadwala pang'ono. Masiku ano mapulani timakajambulitsa ku Mzuzu. Amabwera msanga, oyera bwino, popanda ulaliki, ndipo amajambula zokhazo zimene wanena, ngakhale utanena zopusa. Ine Ada Mphande ndimawasowa, sindibisa. Ndikamadutsa pakhonde pamene ankagwirira ntchito, ndimachepetsa liwiro ndekha, ngati wina andiitana kuti ndikhale pansi.

Jobe ndi Gomezgani sanagwirizane kwenikweni, moni wawo ngwa m'mphuno. Koma tsiku la maliro a Ada Mphande, Ama Eliza adakana kutsala kunyumba. Ana awo adawanyamula pampando, wina uku wina uku, mpaka kumanda. Atafika pabokosi, gogoyo adaligogoda ndi chala.

"Mizeck, unali wabodza iwe," adatero akulira. "Yewo, ndathokoza, mwana wanga."